Santiago Ramón y Cajal: Anagula Yekha Maikulosikopu, Kenako Anatsegulira Ena Khomo

Aliyense amene anatsegulapo buku la sayansi ya thupi la munthu anaonamo chithunzi cha selo la minyewa. Pakati pamakhala kamutu, m'mbali muli tinthambi tambirimbiri ngati mlambe woyoyoka masamba m'chilimwe, ndipo kumunsi kumatsika mchira umodzi wautali. Munthu amene anasonyeza dziko lonse kuti ubongo unapangidwa ndi maselo otere, lililonse loima palokha, anali dokotala wa ku Spain dzina lake Santiago Ramón y Cajal. Kafukufuku amene anamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1906 anamuyambira m'nyumba mwake, ndi ndalama za m'thumba mwake, m'dziko limene pa nthawiyo silinkaika ndalama pa sayansi. Atatchuka, zaka 27 zomaliza za moyo wake anazithera akutsogolera bungwe lopezera achinyamata a ku Spain ndalama zokaphunzirira kunja ndi malo ogwirira ntchito akabwerako.

Mwana wovuta wa kumapiri

Santiago anabadwa pa 1 Meyi 1852 m'kamudzi ka Petilla de Aragón, kumpoto kwa Spain. Bambo ake, a Justo Ramón, anakulira mu umphawi, ndipo anayamba ngati wothandizira madokotala a kumudzi mpaka anadzakhala dokotala weniweni chifukwa cha khama lawo. Mayi ake anali a Antonia Cajal. Mwambo wa ku Spain ndi wakuti mwana amatenga dzina la kuchimuna ndi la kuchikazi, n'chifukwa chake ankatchedwa Ramón y Cajal, ngakhale asayansi ambiri amangoti Cajal.

A Justo ankafuna mwana wawo adzakhale dokotala, koma mwanayo mtima wake unali pa zojambula. Ankajambula pamakoma, pazitseko ndi m'mphepete mwa mabuku a kusukulu. M'kalasi sankakhazikika, ndipo aphunzitsi a ku Jaca ankamukwapula ndi kumumana chakudya, koma sizinaphule kanthu. Ali ndi zaka 11 anapanga mzinga ndi chipika cha mtengo, n'kuphulitsa nawo chipata cha munthu wina m'tauni ya Ayerbe. Anagona m'chitokosi masiku angapo, bambo ake atavomereza kuti alangidwe. Pambuyo pake anamutumiza kukaphunzira ntchito kwa wometa tsitsi, kenako kwa wosoka nsapato, poganiza kuti mwina thukuta limuwongola.

Zinthu zinasintha mu 1868. A Justo anaganiza zomuphunzitsa okha mafupa a munthu, ndipo popeza analibe mafupa ophunzitsira, iwo ndi mwana wawo anakatola ena kumanda akale. Mnyamatayo atayamba kujambula mafupawo, bambo ake anaona kuti luso limene ankalimbana nalo lija linali ndi ntchito pa udokotala. Santiago analowa sukulu ya udokotala ku Zaragoza, kumene bambo ake anapezanso ntchito yophunzitsa za kapangidwe ka thupi, ndipo anamaliza mu 1873 ali ndi zaka 21.

Malungo a ku Cuba

Chaka chomwecho analowa usilikali ngati dokotala, ndipo mu 1874 anatumizidwa ku Cuba, kumene nzika zinkamenyera ufulu wodzilamulira. Anamuika pa kachipatala ka kuthengo ka Vista Hermosa, kenako ku San Isidro, m'madambo modzaza udzudzu. Asilikali ambiri amene ankawasamalira ankafa ndi malungo ndi kamwazi kusiyana ndi zipolopolo. Pa nthawiyo panalibe amene ankadziwa chimene chimayambitsa malungo. Kachilombo kake kanadzapezeka mu 1880, ndipo zoti kamafalitsidwa ndi udzudzu zinatsimikizika mu 1897. Cajal nayenso anadwala malungo ndi kamwazi mpaka kutsala mafupa okhaokha.

Kumeneko anakumananso ndi katangale. Akuluakulu ena ankaba chakudya cha odwala, ndipo iye atadzudzula mchitidwewo anadana naye. Mu 1875 anamulola kubwerera kwawo chifukwa cha matenda. Malipiro ake anali atachedwa miyezi yambiri, ndipo anangopeza theka lake, thekalonso linatuluka atapereka chiphuphu kwa wogwira ntchito m'boma. Tindalama timeneti ndi timene tinadzakhala chiyambi cha labotale yake.

Mu 1877 anapita ku Madrid kukalemba mayeso a digiri yapamwamba ya udokotala. Kumeneko pulofesa wina, Aureliano Maestre de San Juan, anamuonetsa tizidutswa ta minofu ya thupi pa maikulosikopu. Cajal anachita nazo chidwi kwambiri moti anagula maikulosikopu yake ya mtundu wa Verick, yolipira pang'onopang'ono, pamodzi ndi kachipangizo kodulira minofu mopyapyala ndi mankhwala opaka utoto. Atabwerera ku Zaragoza anadziphunzitsa yekha kuchokera m'mabuku, popeza ku yunivesite yake kunalibe woti n'kumuphunzitsa ntchitoyi.

Chaka chotsatira anayamba kutsokomola magazi. Chinali chifuwa chachikulu cha TB. Anapita kumapiri a Pyrenees, ku Panticosa ndi ku San Juan de la Peña, kumene anachira atakhala miyezi akupuma mpweya wabwino, kuyenda m'mapiri ndi kujambula zithunzi ndi kamera. Mu 1879 anakwatira Silveria Fañanás, ndipo banjali linakhala ndi ana asanu ndi awiri.

Kolera ndi mphatso ya maikulosikopu

Ku Spain upulofesa unkapezeka popikisana pa mayeso a boma. Cajal analephera kawiri, ndipo kachitatu, mu 1883, anapambana n'kupatsidwa mpando wophunzitsa za kapangidwe ka thupi ku Valencia. Malipiro anali ochepa ndipo yunivesite sinkapereka ndalama zofufuzira. Kuti agule mankhwala a mu labotale ndi magazini a sayansi a kunja, ankaphunzitsa madokotala ena mwapadera kunyumba kwake, iwo n'kumalipira.

Mu 1885 mliri wa kolera unagwa ku Valencia n'kufalikira m'dziko lonse. Dokotala wina, Jaime Ferrán, ankabaya anthu katemera wopangidwa ndi tizilombo tamoyo, ndipo panabuka mkangano ngati katemerayo ankathandizadi. Akuluakulu a chigawo cha Zaragoza anapempha Cajal kuti afufuze za mliriwo. Mu lipoti lake anatsimikiza kuti kachilombo kamene Robert Koch anali atangokafotokoza ndi kamene kankayambitsa matendawa, ndipo anasonyeza pa nyama kuti tizilombo tophedwa ndi kutentha tikhozanso kuteteza thupi. Lipotilo linalembedwa m'Chisipanishi, ndipo kunja kwa Spain silinawerengedwe. Katemera wambiri wa kolera wakumwa amene amaperekedwa masiku ano amapangidwa ndi tizilombo takufa.

Pomuthokoza, akuluakuluwo anamupatsa maikulosikopu ya Zeiss, yochokera ku Germany, imene inali m'gulu la zabwino koposa pa nthawiyo. Thandizo lalikulu loyamba limene analandira kuchokera ku boma linali limeneli: chipangizo chimodzi. Akanatha kupitiriza ndi kafukufuku wa tizilombo, amene anali ndi ndalama ndi kutchuka, koma anaona kuti ntchitoyo inkafuna zipangizo zodula ndi nyama zambiri zoyesera. Kufufuza minofu kunkangofuna maikulosikopu, mankhwala ochepa ndi kuleza mtima, choncho anasankha zimene thumba lake likanakwanitsa.

Chaka cha 1888

Vuto la ubongo linali lakuti ukaupaka utoto wamba n'kuuika pa maikulosikopu, maselo onse amatenga utoto nthawi imodzi, ndipo umangooneka ngati ziyangoyango zopiringizana. Asayansi ambiri ankakhulupirira kuti minyewa yonse inalumikizana ngati ukonde umodzi wopanda polekezera. Mu 1873 dokotala wa ku Italy, Camillo Golgi, akugwira ntchito m'khitchini ya chipatala china imene anaisandutsa labotale, anapeza njira yatsopano. Ankaviika kachidutswa ka ubongo mu potassium dichromate, kenako mu silver nitrate. Mankhwalawa amadetsa maselo ochepa chabe, koma selo limene lada limaoneka lonse, kuyambira kumutu mpaka kunsonga za nthambi, lakuda bii pamalo achikasu.

Cajal anaona njirayi koyamba mu 1887 ku Madrid, m'nyumba ya dokotala wa matenda a maganizo, Luis Simarro, amene anaiphunzira ku Paris. Chaka chomwecho anasamukira ku Barcelona. Njira ya Golgi inali yosadalirika: lero yagwira, mawa yakana. Cajal anaikonza poviika kachidutswa kawiri, ndipo anachitanso chinthu china chanzeru. M'malo mofufuza ubongo wa nyama zazikulu, anatenga wa anapiye osaswa ndi wa tiana ta nyama. Pa msinkhu umenewo maselo amakhala asanachite nthambi zambiri, ndipo michira yake imakhala isanakutidwe ndi mafuta amene amatchinga mankhwala. Zinali ngati kuphunzira mitengo pa nazale m'malo molowa m'nkhalango yowirira.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Cajal ankakhala maola ambiri pa maikulosikopu, akujambula ndi dzanja chilichonse chimene waona. Mu 1888, pofufuza kaubongo kakumbuyo ka mbalame, anaona kuti mchira wa selo lina umafika pa selo linzake n'kulikumbatira, koma osalowerana nalo. Anaona zomwezo m'diso ndi mu msana. Mfundo yake inali yakuti selo lililonse la minyewa ndi lapalokha, ndipo uthenga umadutsa pamene maselo agundana. Anapezanso timinga ting'onoting'ono pa nthambi za maselowa, ndipo mu 1890 anafotokoza kansonga kamene mchira wa selo umakulira pofunafuna njira yake m'thupi la mwana wosabadwa. Kenako anafotokoza kuti uthenga umalowera ku nthambi, kudutsa pamutu, n'kutulukira kumchira. Mivi ing'onoing'ono imene ankaika pa zojambula zake inkasonyeza zimenezi.

Zotsatira zinkabwera mofulumira kuposa mmene magazini akanazisindikizira, choncho mu Meyi 1888 anayambitsa magazini yakeyake. Nkhani zonse ankalemba yekha, zithunzi ankajambula yekha, ndipo wosindikiza ankamulipira yekha. Ankasindikiza makope 60 okha, ambiri n'kuwatumiza kwa asayansi a kunja. Ndalamazo zinkachoka pa chakudya ndi zovala za pabanja. Silveria anasiya kulemba wantchito wapakhomo n'kumagwira yekha ntchito zonse, ali ndi ana aang'ono, kuti magaziniyo izituluka. M'zaka zomwezi za ku Barcelona banjali linataya mwana wawo wamkazi Enriqueta, amene anamwalira ndi matenda oumitsa khosi.

Ulendo wa ku Berlin

Makope anapita, koma mayankho sanabwere. Asayansi a ku Germany ndi France sankawerenga Chisipanishi, ndipo sankayembekezera kuti ku Spain kungachoke chatsopano. Cajal anamasulira nkhani zina m'Chifalansa, koma anaona kuti mawu okha sakwanira. Mu Okutobala 1889 anasonkhanitsa ndalama zimene anasunga, ananyamula maikulosikopu yake ya Zeiss ndi magalasi a tizidutswa take, n'kukwera sitima kupita ku msonkhano wa akatswiri a kapangidwe ka thupi ku Berlin.

Poyamba anthu ankangomudutsa. Ataona choncho anapita kwa Albert von Kölliker wa ku Würzburg, mkulu wa zaka 72 amene onse ankamulemekeza, n'kumukokera pa tebulo lake. Kölliker atasuzumira anakhutira. Anamutengera ku chakudya, anamudziwitsa kwa akatswiri ena, ndipo atabwerera kwawo anabwereza yekha kafukufukuyo n'kupeza zomwezo. Pa ukalamba wakewo anaphunzira Chisipanishi kuti aziwerenga zolemba za Cajal. Mu 1891 Wilhelm Waldeyer wa ku Berlin anatcha selo la minyewa dzina lakuti neuron, ndipo mu 1897 Charles Sherrington wa ku England anatcha malo okumanirana maselowa kuti synapse.

Kuchokera pamenepo zitseko zinatseguka. Mu 1892 anapatsidwa mpando ku yunivesite ya Madrid. Mu 1894 bungwe la Royal Society linamuitana kukakamba nkhani ku London, ndipo yunivesite ya Cambridge inamupatsa digiri yaulemu. Pakati pa 1899 ndi 1904 anatulutsa buku lake lalikulu lofotokoza minyewa ya munthu ndi ya nyama za msana, lokhala ndi zithunzi mazanamazana zojambula yekha. Komabe mpaka nthawi imeneyi boma la kwawo linali lisanamupatse labotale yoyenera.

Boma lidzuka

Mu 1898 Spain inagonja pa nkhondo ndi United States n'kutaya Cuba, Puerto Rico ndi Philippines. Dziko linachita manyazi, ndipo ophunzira ambiri anayamba kufunsa chimene chinalakwika. Cajal anali mmodzi wa amene ankati gwero la vutoli ndi kunyalanyaza maphunziro ndi sayansi. Chaka chimodzi nkhondoyi isanachitike anali atakamba nkhani pamaso pa bungwe la asayansi ku Madrid, imene inadzakhala buku la malangizo kwa ofufuza achinyamata. M'bukulo anatsutsa maganizo akuti kafukufuku ndi wa anthu anzeru zachibadwa okha, kapena wa mayiko olemera okha. Iye ankati khama, kudekha ndi kuika mtima pa funso limodzi zimaposa zipangizo zodula. Koma ankanenanso poyera kuti boma lili ndi udindo wolipirira sayansi.

Mu 1900 msonkhano wa madokotala a dziko lonse umene unachitikira ku Paris unamupatsa mphoto ya mzinda wa Moscow. Nyuzipepala za ku Spain zinafunsa kuti zikutheka bwanji kuti munthu amene akunja akumulemekeza chotere azigula yekha mankhwala a mu labotale. Boma la Francisco Silvela linapatula mapeseta 80,000 kuti akhazikitse labotale yofufuzira zamoyo, Cajal akhale mkulu wake. Malipiro ake anawaika pa mapeseta 10,000 pa chaka, koma iye anapempha kuti awatsitse kufika pa 6,000, poona kuti amenewo anali okwanira. Apa n'kuti ali ndi zaka pafupifupi 50, ndipo ntchito yake yaikulu inali itachitika kale.

Mu 1905 analandira mendulo ya Helmholtz kuchokera ku Berlin, ndipo mu 1906 anagawana mphoto ya Nobel ndi Golgi. Awiriwa anakumana koyamba ku Stockholm. Golgi, m'nkhani yake yolandirira mphoto, anaumirira kuti minyewa ndi ukonde umodzi. Tsiku lotsatira Cajal anafotokoza umboni wake modekha, osamunyoza. Mkanganowu unathera m'zaka za m'ma 1950, pamene maikulosikopu yamphamvu yogwiritsa ntchito ma electron inaonetsa kampata kakang'ono pakati pa maselo awiri, monga Cajal ananenera.

Thumba la achinyamata

Mu 1906 nduna yaikulu Segismundo Moret inamupempha kuti akhale nduna ya maphunziro. Cajal anapereka maganizo ake a zimene ziyenera kusintha, koma mpandowo anaukana, poona kuti maboma a nthawiyo sankakhalitsa. Boma la Moret linagwadi patangopita miyezi. Udindo umene anauvomera unali wina. Mu Janyuwale 1907 boma linakhazikitsa bungwe lotchedwa Junta para Ampliación de Estudios, mwachidule JAE, ndipo Cajal anakhala wapampando wake mpaka imfa yake. Ntchito ya tsiku ndi tsiku inkayendetsedwa ndi mlembi wake, José Castillejo, koma dzina la Cajal ndi limene linkateteza bungweli maboma akamasinthana.

Bungweli linkagwira ntchito motere. Wachinyamata amene wamaliza maphunziro ankalemba kalata yofotokoza chimene akufuna kukaphunzira, kumene akufuna kupita ndi chifukwa chake. Akasankhidwa ankapatsidwa ndalama zoyendera ndi zodyera kwa miyezi kapena zaka, ku Germany, France, Belgium, Switzerland, Britain kapena United States, ndipo ankayenera kupereka lipoti la zimene wachita. M'zaka pafupifupi 30 anthu okwana pafupifupi 2,000 analandira thandizoli: madokotala, aphunzitsi, akatswiri a sayansi, a mbiri ndi a zilankhulo, amuna ndi akazi omwe.

Atsogoleri a JAE anazindikira kuti kutumiza munthu kunja ndi theka chabe la ntchito. Akabwerako n'kupeza kuti palibe labotale kapena malipiro, amabwereranso kunja kapena kusiya kafukufuku. Choncho anamanganso malo kwawo. Mu 1910 anatsegula nyumba ya ophunzira ya Residencia de Estudiantes ku Madrid, imene inadzakhala ndi malabotale akeake, ndipo mu 1915 anatsegula ina ya atsikana, yotsogoleredwa ndi María de Maeztu. Ntchitoyi itaoneka, thandizo lakunja linatsatira: ndalama za banja la Rockefeller ku America zinamanga nyumba yofufuzira za physics ndi chemistry imene inatsegulidwa mu 1932. Ngakhale buku la Cajal lonena za mmene minyewa yovulala imafotera ndi kuphukiranso, la mu 1913 ndi 1914, linasindikizidwa ndi zopereka za madokotala a ku Spain okhala ku Argentina.

Zipatso zinaoneka. Jorge Francisco Tello anapitiriza kafukufuku wa kuphukanso kwa minyewa. Fernando de Castro anafotokoza kachiwalo ka m'khosi kamene kamamva kusintha kwa magazi. Rafael Lorente de Nó anafufuza mmene khutu limathandizira munthu kuima osagwa. Pío del Río Hortega anapeza mitundu iwiri ya maselo othandizira mu ubongo, microglia ndi oligodendrocyte. Severo Ochoa, amene anayambira mu labotale ya Juan Negrín ku Residencia n'kutumizidwa ku Germany ndi ndalama za JAE, anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1959.

Cajal sanali wopanda chilema. Mu 1920 panabuka kusamvana pakati pa Río Hortega ndi ena a mu labotale, pa nthawi imene zimene wachinyamatayo anapeza zinkakonza mfundo ina ya Cajal mwini. Cajal anamulembera kalata yomuchotsa. Ambiri amaona kuti pamenepa mkuluyu analakwa. Chokhacho n'chakuti sanamusiye pamtetete: JAE inamukonzera Río Hortega labotale yake ku Residencia, kumene anapitiriza ntchito yake.

Imfa ndi zimene zinatsatira

Cajal anapuma pa ntchito yophunzitsa mu 1922. Silveria anamwalira mu 1930. Nyumba yatsopano ya Instituto Cajal inatha kumangidwa mu 1932, iye atafooka kale ndiponso asakumva bwino. Anapitirizabe kulemba, ndipo mu 1933 anatulutsa nkhani yaitali yosonkhanitsa umboni wonse wakuti selo la minyewa ndi lapalokha. Anamwalira ku Madrid pa 17 Okutobala 1934 ali ndi zaka 82.

Pasanathe zaka ziwiri, mu 1936, nkhondo yapachiweniweni inabuka. Mbali ya Francisco Franco inathetsa JAE, ndipo itapambana mu 1939 inakhazikitsa bungwe lina, CSIC, limene linatenga nyumba ndi malabotale ake. Tello anachotsedwa pa maudindo ake. Río Hortega anathawira kunja ndipo anamwalira ku Buenos Aires mu 1945. Castillejo anamwalira ku London chaka chomwecho. Ochoa analandira Nobel yake ija ali nzika ya United States. Zimene zinamangidwa m'zaka 30 zinaphwasuka m'zaka zitatu, ndipo panatenga mibadwo kuti sayansi ya ku Spain idzukenso.

Masiku ano CSIC ndi bungwe lalikulu la boma lofufuza za sayansi ku Spain, ndipo Instituto Cajal ili pansi pake. Kuyambira mu 2001 boma lili ndi ndondomeko yotchedwa Ramón y Cajal, imene imapereka ntchito ya zaka zisanu kwa ofufuza amene ali ndi digiri ya PhD ndipo asonyeza kale luso, pofuna kukopa amene ali kunja kuti akagwire ntchito m'mayunivesite ndi m'malabotale a ku Spain. Nzika za mayiko ena nazonso zimaloledwa kupikisana. Koma vuto lakale lija limabwerera: chuma chitavuta kuyambira mu 2008, boma linadula ndalama za kafukufuku, ndipo achinyamata ambiri ophunzira anasamukira kunja. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika zolemba ndi zojambula za Cajal ndi ophunzira ake m'kaundula wa chuma cha mbiri ya dziko lonse.

Zoti tilingalire

Cajal sanali wa mpingo wathu, ndipo sitikumupereka ngati chitsanzo cha chikhulupiriro. Komabe wophunzira amene amawerenga Salmo 139, pamene Davide akudabwa ndi mmene Mulungu anamuumbira m'mimba mwa mayi ake, akaona zojambula za Cajal za kansonga ka selo kakufunafuna njira yake m'mwana wosabadwa, amapeza chifukwa chinanso chodabwira. Mpingo umene umamanga zipatala ndi sukulu za zaumoyo uli ndi chifukwa chokwanira cholemekezera ntchito yofufuza thupi mosamala ndi moona mtima.

Moyo wake ukunenanso za ukapitawo. M'fanizo la matalente la pa Mateyu 25, kapolo amene anadzudzulidwa ndi amene anakwirira chochepa chimene anapatsidwa. Cajal anali ndi malipiro a usilikali odulidwa theka ndi maikulosikopu yangongole, ndipo anayamba ndi zomwezo. Thandizo lililonse limene analandira linabwera ntchito itaoneka kale: Zeiss inatsatira lipoti la kolera, labotale inatsatira mphoto ya Moscow. Wophunzira amene akulota zokachita maphunziro apamwamba kunja aziyamba ndi funso limene angaliyankhe ndi zipangizo zimene zilipo, azilemba bwino zimene wapeza, ndipo azizipereka m'chilankhulo ndi pamalo pamene oziweruza angazione.

Koma tisatengepo phunziro lakuti umphawi ndi wabwino kwa wofufuza. Magazini ya makope 60 ija inalipiridwa ndi thukuta la Silveria, ndipo lipoti la kolera linakwiririka chifukwa panalibe njira yolifikitsira kunja. Cajal mwini sanafune kuti achinyamata adutse mmene iye anadutsamo, n'chifukwa chake anakhala pa mpando wa JAE mpaka imfa. Mwa owerenga magazini ino muli amene adzakhale akuluakulu a zipatala, a makoleji, a m'boma ndi a mpingo, ndipo adzakhala pa tebulo logawa ndalama. Pa tsikulo adzakumbukire kuti kutumiza wachinyamata kukaphunzira kumafuna kuti amukonzerenso labotale ndi malipiro oti adzapeze akabwerako.